Muvi uzimvana ndi uta wake: kulinganiza mivi ya nsungwi, bango ndi paini

Uta wamtengo ulibe chopotokola choti musunthire muvi uku kapena uko. Ndi mtengo ndi nsinga basi. Choncho mukaona mivi ikugwera chammbali, ikupukusa mchira m'mwamba, kapena ikumenya uta potuluka n'kulira kuti pha, pokonza m'pamuvi. Ena amayamba n'kudzudzula dzanja lawo, ena amathamangira kusema uta wina, chonsecho uta ulibe mlandu. Muvi ndiwo sukumvana nawo.

Muvi suchoka pa uta uli wowongoka. Mukamasula nsinga, mphamvu yonse imakankha kumchira pomwe kumutu, kumene kuli chitsulo cholemera, sikunayambe kusuntha. Ndodo imapindika, imabwerera n'kupindikira mbali inayo, ndipo kupindikaku n'kumene kumathandiza muvi kulambalala pogwirira pa uta. Muvi ukalimba kwambiri supindika mokwanira, uta umaukankhira kunja. Ukafewa kwambiri umapindika mopyola muyeso. Ngati foni yanu imajambula slow motion, kanema woyenda pang'onopang'ono, mnzanu aime kumbuyo kwanu ajambule, mudzauona muvi ukupinda thupi ngati mlamba m'madzi.

Zonse zimene ndalemba pano ndi za munthu wogwira uta kumanzere, wokoka ndi zala zitatu za dzanja lamanja, muvi uli kumanzere kwa uta. Wamanzere atembenuze paliponse pamene ndanena kumanja kapena kumanzere.

Yambani n'kuyeza uta ndi mkono wanu

Tengani ndodo yaitali yowongoka, mulembepo masentimita kuyambira kumene kukhale nsinga. Ikani pa uta, kokani mpaka chala chifike kumapeto kwa mlomo monga muchitira poponya, mnzanu awerenge nambala imene yalekezera kutsogolo kwa uta. Bwerezani kangapo, mutenge nambala imene ikubwerabwera. Osakoka modzionetsa, chifukwa mudzadula mivi ya munthu amene si inu.

Mphamvu ya uta muyeze ndi sikelo yopachika, yonga ya ogula chimanga ndi nyemba. Kolekani uta pa mtanda wolimba nsinga ili pansi, kolani sikelo pakati pa nsinga, kokerani pansi mpaka pa mtunda munayeza uja. Werengani msanga, bwezani pang'onopang'ono. Nsinga isakupulumukeni popanda muvi, uta umathyoka nazo zimenezo. Makilogalamu mwapezawo chulukitsani ndi 2.2 kuti akhale mapaundi, poti nambala za mauta ndi mivi zimawerengedwa m'mapaundi. Makilogalamu 18 ndi mapaundi pafupifupi 40. Mauta ogula amalembedwa mphamvu yake pa mainchesi 28, omwe ndi masentimita 71. Ngati inu mumalekezera pa 66, mphamvu imene ikufika pa muvi yatsika ndi mapaundi 4 kapena 5.

Kenako mpata wa pakati pa nsinga ndi pogwirira. Muyeso wakale ndi chibakera chala chachikulu chitaimirira, masentimita 15 mpaka 18 pa uta wautali. Mpatawu ukachepa nsinga imakwapula mkono ndipo uta umasokosa. Mukapota nsinga imafupika, mpata umakula. Pezani pamene uta ukulira mofatsa, mulembe nambalayo m'kope, ndipo musaisinthenso mpaka ntchito yonse ithe.

Ndodo

Kuno ku Mzuzu tili ndi zosankha zitatu. Bango la m'madambo ndi la kunyanja cha ku Nkhata Bay ndi lopepuka ndiponso lamphako yaikulu. Limayenera uta wofooka, ndipo kumutu ndi kumchira komwe kumafunika kutsekera kamtengo kolimba. Nsungwi zing'onozing'ono ndizo ndimaziika patsogolo: zimapirira, zikapindika zimawongoka pamoto, ndipo sizithyoka chisawawa. Chachitatu ndi paini wa ku Chikangawa, amene wambiri ndi wa mtundu wa Pinus patula. Paini amapanga muvi wabwino, koma matabwa ambiri a pamsika ndi a mfundo zokhazokha. Funani thabwa louma limene mizere yake ikuyenda mowongoka kuchokera uku kukafika uko. Kalipentala akuchekereni timizere ta sentimita imodzi mbali zonse, inu mupale makona anayi akhale asanu ndi atatu, mupalenso, mumalize ndi sandipepa. Ndodo imene mizere yake ikutulukira pambali itayeni, imeneyo imathyokera m'dzanja.

Za nsungwi, pemphani kwa eni ake m'minda. Kukadula m'nkhalango yotetezedwa ngati ya Kaning'ina popanda chilolezo cha a zankhalango ndi kudziputira mlandu chifukwa cha timitengo.

Ndodo zikhale zonenepa mamilimita 8 kapena 9, zotalika masentimita 85 mpaka 90. Dulani zambiri kuposa zimene mukufuna, chifukwa zambiri zidzagwa pa mayeso. Zimangeni mtolo pa mtengo wowongoka, muziike pamthunzi podutsa mphepo. Kuuma kwake ndi miyezi, ndipo ndi chinyontho cha kuno musafulumire. Zofumbwa zichotseni. Powongola, tenthetsani pa mbaula mukuzunguliza, osapsereza. Pindani pang'ono kupyola powongoka, gwirani mpaka pazizire. Yambani ndi pakati pa mfundo, mfundozo pambuyo. Mfundo muzisalaze ndi tupa mopepuka. Mphamvu ya nsungwi ili pa khungu lake, mukapala kwambiri mwaipha.

Kuyeza kulimba

Apa m'pamene ambiri amadumpha, ndipo m'pamene pagona ntchito. Ndodo ziwiri zonenepa mofanana, zodulidwa pa phata limodzi, zingathe kusiyana kulimba kwambiri moti simungaziponye pa uta umodzi. Kupinda ndi manja sikukuuzani zoona.

Khomani misomali iwiri pa thabwa kapena pa khoma, yotalikirana masentimita 66, yolingana msinkhu. Thirani madzi m'botolo mpaka lonse lilemere magalamu 907, omwe ndi mapaundi 2, mulimangirire kawaya kokolera. Gonekani ndodo pa misomali, chongani pamene pakati pake pali, kolekani botolo pakati penipeni, chonganinso. Yezani ndi rula kuti yatsika mamilimita angati. Gawani 660 ndi nambala imeneyo, yankho ndi kulimba kwa ndodo m'mapaundi. Yotsika mamilimita 22 ndi ya mapaundi 30, yotsika 16.5 ndi ya 40, yotsika 13 ndi ya pafupifupi 50. Umu ndi momwe mivi yamatabwa yakhala ikuyezedwera kunja kuyambira kale. Mivi ya carbon, yopangidwa kufakitale, imayezedwa pa mainchesi 28 ndi cholemera cha magalamu 880, ndipo nambala zolembedwapo, monga 400, 500 kapena 600, zimayenda chobwerera: nambala yaing'ono ndiyo muvi wolimba.

Ndodo iliyonse muiyeze mukuitembenuza, chifukwa nsungwi ili ndi mbali yolimba kuposa inzake. Chongani mbali yolimbayo. Imeneyo ndiyo idzatsamire uta, ndipo kampata kolowa nsinga mudzakadule motsatira chizindikirocho pa mivi yonse. Pa paini, nsinga idutse mopingasa mizere ya mtengo, osati kutsata mizereyo, kuopa kung'amba ndodo. Lembani nambala pa ndodo iliyonse ndi pensulo, muziunjike m'magulu osiyana osapitirira mapaundi 5.

Gulu loyambira ndi liti? Ndi limene nambala yake ikufanana ndi mapaundi a uta wanu. Nambalazi zimagwira pa muvi wa mainchesi 28 wokhala ndi mutu wa magalamu 8. Muvi ukatalika ndi inchi imodzi pamafunika ndodo yolimba ndi mapaundi 5 owonjezera, ukafupika muchotsenso chimodzimodzi. Uta wa kwathu wopanda posema pogonekera muvi umafuna muvi wofewerapo, mapaundi 5 mpaka 10 kutsika pa mphamvu yake, poti muvi uli ndi mtengo wonse woti uzungulire. Pogwirira pakanenepa, muvi ufewenso. Izi n'zongoyambira. Chigamulo chidzachokera pa chandamale.

Kulemera, mutu ndi nthenga

Muvi wathunthu ulemere theka la galamu kapena kupitirirako pang'ono pa paundi iliyonse ya uta. Uta wa mapaundi 40 umafuna muvi wa magalamu 21 mpaka 26. Wopepuka kuposa apa umasiya mphamvu yambiri mu uta, dzanja limanjenjemera, uta umakalamba msanga. Bango lili ndi vuto limeneli kawirikawiri. Kasikelo ka digito ka kukhitchini kakwanira, ndipo mivi ya gulu limodzi isasiyane kuposa galamu imodzi kapena ziwiri.

Mitu yogula imalembedwa m'ma grain, muyeso wina wa kulemera: 100 ndi magalamu 6.5, pomwe 125 ndi magalamu 8. Popanda yogula, msomali wa mainchesi 4 umagwira ntchito. Umalemera kupitirira magalamu 8, choncho mumaudula mpaka ufike pomwe mukufuna. Mbali yonenepa ya nsungwi ndiyo ikhale kumutu. Lowetsani msomali mumphako, kulungani ulusi wolimba kukamwa kwa ndodo kuti isang'ambike. Pa nthawi ya mayeso mamatizani ndi guluu wosungunula pamoto kuti muzitha kuzula, guluu wolimba wa epoxy adikire kumapeto. Kumchira, dulani kampata kuseri kwa mfundo, mukulungenso ulusi. Kampata kagwire nsinga moti muvi utalendewera usagwe, koma mukagogoda nsinga ndi chala ugwe.

Tenganinso muyeso wa pamene muvi umakhazikika pa chala. Pakhale kutsogolo kwa pakati. Muvi wa masentimita 76 pakati pake ndi pa 38, ndipo ukakhazikika pa 46 kuchokera kumchira, kusiyana kwa 8 mukagawa ndi 76 kukupatsani 10 pa 100 ndi kanthu. Pakati pa 10 ndi 15 pa 100 m'pabwino. Pansi pa apo muvi umayendayenda m'mphepo.

Nthenga za nkhukundembo ndizo zabwino koposa, za tsekwe ndi bakha zimapirira madzi, za nkhanga zimagwiranso ntchito ngakhale n'zazifupi. Za nkhuku n'zofewa. Tengani zikuluzikulu za kuphiko, ndipo zitatu za muvi umodzi zichokere phiko la mbali imodzi, lamanja lokhalokha kapena lamanzere lokhalokha, chifukwa zimapindikira kosiyana. Zikhale masentimita 10 mpaka 12 m'litali, imodzi iyang'ane kunja kwa uta. Kutsogolo kwa nthenga iliyonse kulungani ulusi n'kudonthezapo guluu. Musanyozere zimenezi ngati muvi umatsetsereka pa dzanja lanu: kamtengo ka nthenga kakadzuka kamalowa m'chala.

Mayeso a muvi wopanda nthenga

Nthenga zimabisa zolakwa. Zimawongola muvi wotuluka mokhota usanafike pa chandamale, inu n'kumayesa zonse zili bwino pomwe liwiro latayika panjira. Muvi wopanda nthenga ulibe woubisira, umapita kumene kupindika kwake kwautuma.

Pa gulu limodzi konzani mivi isanu yofanana zonse, itatu ya nthenga, iwiri yopanda. Kumchira kwa yopanda nthengayo kulungani tepi yolemera ngati nthenga zitatu. Isanu yonse muisiye yaitali, masentimita 7 kapena 8 kupitirira kakokedwe kanu, chifukwa kudula kumatheka koma kubwezera sikutheka.

Chandamale chikhale thumba la feteleza lodzaza ndi sanza zothinitsa. Kumbuyo kwake kukhale chulu kapena khoma la dothi, longa limene limatsala anthu akasalaza malo a nyumba pamtsetse. Muvi wopanda nthenga umatha kukhota mwadzidzidzi, ndipo m'malo othithikana ngati Masasa, Chibavi kapena Mchengautuwa mwana amatulukira paliponse. Pitani kunja kwa nyumba za anthu, tsiku lopanda mphepo. Mutu wotambalala wosongoka mbali ziwiri usayandikire mayesowa, chifukwa popanda nthenga umawongolera muvi kumene ukufuna wokha.

Mangani kamfundo ka ulusi pa nsinga, sentimita imodzi ndi theka pamwamba pa mzere wolunjika kuchokera pogona muvi. Sikweya ya kalipentala kapena pepala lopinda pakona zikuthandizani. Muvi uzilowa pansi pa kamfundoko. Ngati muvi umagona pa dzanja, kulungani ulusi pa uta posonyeza pamene dzanja lizikhala nthawi zonse, apo ayi mayeso onse ndi achabe.

Imani mamita 5 poyamba kuti ndodo isathyoke ikafika chopingasa. Ikamalowa bwino bwererani pa 10. Uta uime chilili, osaupendeketsa. Ponyani isanu yonse mukuloza malo amodzi, mubwereze maulendo angapo. Kuponya kumene mwamva nokha kuti dzanja lalakwa musakuwerengere. Chimene mukuyang'ana ndi kumene yopanda nthenga ikugwera poyerekeza ndi ya nthenga, osati poyerekeza ndi pakati pa chandamale. Kupendekeka kwa muvi m'thumba musakukhulupirire kwambiri, sanza zimaupotoza. Ndipo ngati ya nthenga payokha ikumwazika kuposa kukula kwa mbale, musadule kanthu. Pitirizani kuphunzira kuponya, mayeso adikire.

Konzani za m'mwamba ndi pansi poyamba. Yopanda nthenga ikamagwera pansi pa inzake, kamfundo kakwera kwambiri, katsitseni. Ikamagwera pamwamba, kamfundo katsika, kakwezeni. Sunthani milimita imodzi kapena ziwiri basi. Ndanena kuti muyambire pamwamba chifukwa kamfundo kakatsikitsitsa mchira umagunda dzanja n'kudumpha, muvi n'kuoneka ngati kamfundo kakwera, inu n'kumatsitsabe. Kuchokera pamwamba kutsika simusokonezeka. Yopanda nthenga ikatsala pang'ono pansi pa inzake, siyani pomwepo.

Tsopano kumanja ndi kumanzere. Yopanda nthenga ikamagwera kumanja kwa inzake, muvi ndi wofewa. Ikamagwera kumanzere, ndi wolimba. Poti mwausiya wautali, muyembekezere kuti uyamba wofewa, ndipo n'zimene tikufuna. Zulani mitu, dulani mamilimita 5 kapena 6 kumutu pa mivi isanu yonse, bwezerani mitu, ponyaninso. Mudzaona magulu awiriwo akuyandikirana pang'onopang'ono. Akayandikana chepetsani kudula. Malire ake ndi akuti muvi utsale ndi masentimita osachepera 3 kutsogolo kwa uta mutakoka mokwanira. Mwafika pamenepo ukadali wofewa? Pepukitsani mutu ndi galamu imodzi kapena ziwiri, kapena matani kachikopa pambali pa uta pamene muvi umatsamira kuti utuluke kunja pang'ono. Zikakanika, tengani gulu lolimbirapo.

Wolimba umachiritsidwa ndi mutu wolemera. Onjezani magalamu awiri muone. Wa paini mungaupale pakati ndi sandipepa mozungulira, mukuyeza pa misomali ija pafupipafupi. Wa nsungwi ndi bwino kuusungira uta wamphamvu kuposa kuupala.

Pali msampha umodzi. Muvi wolimba mopitirira umamenyetsa mchira pa uta, ndipo kumenyako kumausokoneza mpaka kuoneka ngati wofewa. Munthu amadula, zinthu zimaipiraipira, amadulanso. Mverani khutu: kulira kwa pha potuluka ndi chizindikiro. Pakani choko pambali pa uta muone ngati mchira ukuchotsa. Mukakayika, musadule, ikani mutu wolemera kwambiri muponye. Zikakhala bwino ndiye kuti muvi unali wolimba. Kusintha mutu kumabwezeka, choncho kuzikhala koyamba nthawi zonse pamene simukutsimikiza. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Mukadula ndodo, n'kusuntha kamfundo, n'kupotanso nsinga nthawi imodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

Magulu akakumana pa mamita 10, bwererani pa 15, kenako pa 18 kapena 20. Mtunda umakulitsa cholakwa chimene pafupi sichimaoneka. Ine ndimalekera pamene yopanda nthenga ikugwera kumanja pang'ono, ngati kutambalala kwa chikhatho pa mamita 15, chifukwa nthenga zikamatidwa muvi umachita ngati walimbirapo. Kufuna kuti zigwere pa bowo limodzi ndi mivi ya nsungwi n'kudzivutitsa chabe.

Zikatheka

Lembani m'kope zonse: kulimba kwa ndodo, kutalika, kulemera kwa mutu, kulemera kwa muvi wonse, mpata wa nsinga, msinkhu wa kamfundo. Mivi yotsala ipangeni motsatira nambalazo, muilembe manambala kumchira. Mukaona kuti nambala 4 imathawa gulu nthawi zonse, vuto ndi lake. Yesani kuiwongola kapena kuiyezanso, ikakana ichoke. Umodzi wopanda nthenga muusunge m'phodo.

Amene akufuna mitu yachitsulo yotambalala, yonga imene amisiri osula amapanga, aonetsetse kuti ikulemera chimodzimodzi ndi ya mayeso, ndipo ikhale pakati penipeni. Imikani muvi pa nsonga yake, muuzungulize. Ukamagwedezeka, mutu wakhota. Kumbukiraninso kuti kusaka nyama zakutchire popanda chilolezo cha nthambi yoona za malo osungira nyama ndi mlandu, ndipo ku Nyika ndi ku Vwaza uta ndi chida ngati china chilichonse.

Chotsala ndi nyengo yathu. Ku Mzuzu mvula imachedwa kuleka kuposa madera ambiri a dziko lino, ndipo mu Juni ndi Julayi mawawa ndi nkhungu sizisowa. Nsungwi ndi paini zimamwa chinyontho, zimalemera n'kufewerapo. Uta wamtengo nawo umafooka, ndipo nsinga ya khonje kapena ya chikopa imatamuka. Mivi imene inkamvana ndi uta mu Okutobala ingathe kusintha khalidwe mu Malichi. Pakani ndodo vanishi wopyapyala kawiri kapena katatu musanamate nthenga, ndipo muchite zimenezi musanayambe mayeso chifukwa vanishi amawonjezera kulemera. Nsinga muziipaka phula la njuchi. Mivi muziisunga chogona pamalo osalala kapena choimirira bwinobwino, osaitsamiritsa kukhoma, ndipo uta muziumasula mukatha. Nthenga zonyowa zikagona, ziumitseni kenako muzidutsitse pa nthunzi ya ketulo, zimadzuka.

Nyengo ikasintha ponyani wopanda nthenga uja pamodzi ndi inzake. Ukasuntha, yezani kaye mpata wa nsinga muufananize ndi wa m'kope, chifukwa nthawi zambiri nsinga ndiyo yatamuka ndipo kuipota kangapo kumabwezeretsa zonse. Muvi uliwonse umene wagunda mwala kapena mtengo muupinde pang'ono pafupi ndi khutu mukuutembenuza. Ukalira ngati ukung'aluka, uthyoleni pomwepo kuti wina asautole n'kuuponya.